Mwana wapeza 19 pa sayansi ya ACT, tutor wadya kale $480, ndipitirize kulipira?

Nachisale_NC
Mwaswera bwanji abale anga kumene muliko. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo masiku ano. Mtsikana wanga wachisamba ali giredi 12 kuno ku North Carolina, ndinamuitanitsa kuchoka ku Zomba ali Fomu 3, kumudzi anali nambala wani pa Biology ndi Chemistry yemwe, aphunzitsi ake mpaka anadandaula tikumuchotsa. Kuno ana onse a giredi 11 amalembetsedwa kusukulu ACT, mayeso olowera ku koleji, ndiye analemba nawo, zotsatira zake pa 36 zinabwera chonchi: English 21, Masamu 25, Reading 20, Sayansi 19, zonse pamodzi 21. Sayansi yomwe ankaidalira ija ndi yomwe yakhala pansi penipeni, mwana analira usiku onse osadya nsima. Ndinasaka tutor kudzera pa kampani ina ya pa intaneti, $60 pa ola, wabwera kasanu ndi katatu ndiye kuti $480 yapita, ndalama yake ya ma dabulo shifiti ku nursing home. Bamboyo ndi waulemu ndithu, akumuphunzitsa za ma cell, mitosis, periodic table, kope ladzadza ndi manotsi. Koma Loweruka lapitali wayesa pepala la pulakatisi wapeza 20. Pointi imodzi yokha abale. Akufuna kulembanso mu Okutobala, mtima wake uli pa za pharmacy. Ndipitirize ndi bamboyu kapena ndikungotaya ndalama m'madzi? Amene munadutsamo ndithandizeni chonde.

Achimwene_SouthBend
A Nachisale pepani. Musiyeni tutor ameneyo lero lomwe. Akuphunzitsa mayeso ena osati ACT.

Nachisale_NC
Achimwene mutanthauza chani, si sayansi yomweyo?

WaKuOhio_22
Anti moni. Ine ndinalemba ACT kawiri ndisanalowe koleji ndipo zomwe zamuchitikira mng'ono wangayo zinandichitikiranso ine ndendende, ulendo oyamba 20 wachiwiri 29, ndiye ndiloleni ndifotokoze bwinobwino ngakhale zitalike.

Dzina loti Science lija limatinamiza tonse amene tinayambira sukulu kumudzi. Ife tinazolowera MANEB, funso likamati fotokoza ntchito ya chiwindi kapena jambula duwa ulembe mayina a ziwalo zake, ukaloweza manotsi wakhoza basi. ACT siifunsa zimenezo. Amakupatsa nkhani yaifupi ya kafukufuku wina wake, pambali pake tebulo la manambala ndi magalafu awiri kapena atatu, kenaka mafunso asanu mpaka asanu ndi awiri, ndipo pafupifupi mayankho onse ali pa tsamba lomwelo ukuliyang'analo. Nkhani yake itha kukhala ya miyala ya pansi pa nyanja kapena nyenyezi zomwe sunamvepo chibadwire, sizikusowa kuti uzidziwe. Chomwe akuyesa ndi choti kodi utha kupeza nambala yoyenera pa galafu yoyenera msanga, kuona kuti ichi chikamakwera icho chikutsika, kudziwa chomwe anasintha mu kafukufukuyo ndi chomwe anachisiya chimodzimodzi.

Mwachitsanzo tingopeka apa. Munthu wadzala nyemba m'zitini zinayi, chitini choyamba madzi opanda mchere, chachiwiri magalamu 5 a mchere, chachitatu 10, chachinayi 15, ndiye tebulo likuonetsa kutalika kwa mbewuzo pakatha masiku khumi. Funso lina lizati chitini chiti ndi control, ndi choyamba chija chopanda mchere. Lina lizati akanathira magalamu 12 mbewu ikanatalika bwanji, iwe ungoyang'ana pakati pa nambala ya 10 ndi ya 15 basi. Palibe mitosis apo. Mwana amene waloweza buku lonse amakhala pansi kuyamba kukumbukira za osmosis, nthawi ikupita, mzake amene sadziwa nkomwe osmosis wangoloza chala pa tebulo wadutsa.

Nthawi ndiye chilombo chenicheni. Mmene analembera mng'ono wangayo kusukulu anali mafunso 40 mphindi 35, funso lililonse silikwana miniti. Mufunseni anti kuti anafika funso la nambala chani pamene anauzidwa kuti ikani mapensulo pansi. Ndikukhulupirira sanamalize.

Nachisale_NC
Ndamufunsa pompano ali pa tebulo apa. Akuti nkhani ziwiri zomaliza sanaziwerenge nkomwe, ndipo anasiya osadetsa timabowo ta pa pepala la mayankho chifukwa ankaopa kuti akalakwa amuchotsera malikisi. Mayo ine.

WaKuOhio_22
Ayi anti ACT siichotsa malikisi ukalakwa! Funso losiya ndi funso lolakwa ndi chimodzimodzi. Muuzeni asazasiyenso bowo lopanda kanthu, ikatsala miniti imodzi azingodetsa mzere umodzi mpaka pansi, mayankho amakhala anayi okha pa funso ndiye ena azalasa ndithu. Tutor wa $60 sanamuuze zimenezi milungu yonseyi?

Mphunzitsi_Fizikisi_Dedza
Ndalowa mochedwa, netiweki kuno ikuvuta. Ine ndaphunzitsa Physical Science kuyambira isanagawidwe kukhala Physics ndi Chemistry, ndipo zomwe mukukambazi zikundidetsa nkhawa pang'ono. Mukumuuza mwana ofuna pharmacy kuti asiye kuphunzira periodic table aziphunzira kuloza chala pa tebulo? Akalowa koleji Chemistry ya chaka choyamba izamufuna iyeyo osati chala chake. Mphunzitsi mnzangayo sanalakwe, akumanga maziko. Ana a masiku ano akufuna njira zachidule pa chilichonse, mayeso akhoza koma mutu mulibe kanthu. Kuthamanga sikufika ayi.

Achimwene_SouthBend
Aphunzitsi ulemu wanu, koma mayiwa sanalipire $480 kuti mwana akonzekere koleji, analipira kuti 19 ikwere pofika Okutobala. Maziko ali nawo kale mwanayu, anali nambala wani ku Zomba.

Mphunzitsi_Fizikisi_Dedza
Nanga mukuti palibe funso limodzi lomwe lofuna sayansi yeniyeni?

WaKuOhio_22
Alipo aphunzitsi, sindikukana, koma ndi ochepa kwambiri ndipo ndi zinthu zoti mwana wanu wa Fomu 2 amadziwa. Kuti pH yochepera 7 ndi asidi, madzi amaundana pa 0°C, zomera zimatenga carbon dioxide nkutulutsa oxygen, ma charge ofanana amakankhana, chinthu chopepuka kuposa madzi chimayandama. Zimenezo mungazilembe pa pepala limodzi nkubwereza madzulo amodzi. Sizofuna maola asanu ndi atatu. Komanso ine sindinganene kuti kuwerenga galafu ndi njira yachidule, mu labu ya ku koleji kuno ndi zomwe timapanga tsiku ndi tsiku, umayesa wekha ulembe tebulo ujambule galafu unene chomwe chikutanthauza. Manotsi ndinabwera nawo ambiri m'mutu koma lab report yanga yoyamba inabwerera yofiira paliponse.

Nambewe_Maryland
A Nachisale mwaona koma kuti Reading ndi 20 Sayansi 19? Ziwirizi zikuyendera limodzi. Masamu ali 25 chifukwa manambala alibe chilankhulo. Vuto la mtsikanayu si sayansi ndi liwiro lowerengera Chingerezi, wangokhala kuno zaka zochepa, ana obadwira kuno akhala akuwerenga tinkhani totere chiyambire giredi 3. Wanga wamwamuna zinali choncho. Sindinamugulire kalikonse ayi, timangopita ku laibulale ya mtauni mwathu Loweruka lililonse kukabwereka magazini a sayansi, ndimamuuza awerenge tsamba limodzi nditchere foni mphindi zitatu kenaka andifotokozere mu Chichewa zomwe wamva. Poyamba amakwiya koma patatha miyezi iwiri Reading ndi Sayansi zinakwerera limodzi.

Nachisale_NC
Anambewe mwalasa, zoonadi akamawerenga amasuntha milomo mpaka pano, mawu limodzi limodzi ngati akuwerenga mawu m'tchalitchi.

BamboATwins_TX
Koma anthu inu mukuvutikiranji? Sayansi pa ACT panopa ndi yosankha wekha. Anasintha mu 2025, anayamba ndi olemba pa kompyuta mu Epulo ndipo mu Seputembala anafikanso kwa olemba pa pepala. Composite, malikisi a zonse pamodzi aja, akuwerengera English, Masamu ndi Reading basi. Tengani 21, 25 ndi 20 mugawe patatu mupeza 22, mwana wakwera kale pointi imodzi asanagwire pensulo. Mulembetseni opanda sayansi, ndalama ya tutor mutumize kumudzi agulire feteleza.

GogoWaAtlanta
Eeh zoona zimenezi? Nanga mdzukulu wanga chaka chatha anavutikiranji chonchija

BamboATwins_TX
Zoona gogo. Mayeso onse anafupikitsa. English inali mafunso 75 pano 50, Masamu anali 60 pano 45, Reading inali 40 pano 36. Sayansi ukaisankha mafunso akadali 40 koma nthawi ndi mphindi 40 osati 35.

Nesi_wa_Indy
Bambo a Twins zosinthazo mwanena zoona koma malangizo anuwo ayi ndakana. Mwana akufuna pharmacy. Kuti ACT yanena kuti sayansi ndi yosankha sizikutanthauza kuti koleji iliyonse yanenanso choncho, koleji iliyonse ili ndi lamulo lake ndipo ma pulogalamu ena a zaumoyo ndi engineering komanso ma sikolashipu amayang'anabe sayansi. Palinso STEM score yomwe amaphatikiza Masamu ndi Sayansi, ukapanda kulemba sayansi siituluka. Panopa yake ndi 22. Ndiye taganizani munthu owerenga ma fomu akuona mwana ofuna za mankhwala, sayansi yokhayo yomwe ilipo ndi 19 ya giredi 11, ulendo wachiwiri waithawa. A Nachisale musamvere za pagulu pano zokha ngakhale zanga zomwe, lembani mayina a makoleji omwe mwana akufuna, mulowe pa tsamba la admissions la iliyonse kapena muimbe foni mufunse funso limodzi, mukufuna ACT Science kapena ayi. Ndi ntchito ya ola limodzi.

BamboATwins_TX
Chabwino asisi pamenepo ndavomera, afunse kaye. Anga akufuna bizinesi onse awiri ndiye ife sizikutikhudza.

Achimwene_SouthBend
Kapena angoyesa SAT, mayeso ena olowera ku koleji. Kuno ku Indiana ana a giredi 11 amalemba SAT kusukulu kuyambira 2022, ilibe gawo la sayansi, ndi Reading and Writing ndi Masamu basi, malikisi mpaka 1600. Makoleji amalandira zonse ziwiri. Pulakatisi yake ili ulere pa Khan Academy. Mwana wa Masamu 25 atha kuchita bwino kumeneko.

Nambewe_Maryland
Achimwene nthawi yatha, mwana ali giredi 12. Kuyambanso mayeso achilendo pano ndi kumusokoneza mutu. Komanso magalafu mu SAT alimo, anangowamwaza mkati mwa mafunso ena.

Kabwila_Area25
Pepani ndilowerere ndi funso langa. Ine ndili ku Lilongwe kuno, mphwanga analemba MSCE anapeza mapointi 9, akufuna akayese mwayi ku America. Mayeso amenewa ndi okakamiza? Ndamva ena akuti makoleji anasiya kufunsa.

WaKuOhio_22
Malume nthawi ya Covid makoleji ambiri anasiyadi kukakamiza ndipo ambiri mpaka pano sakakamiza. Koma ena akuluakulu anabwerera, MIT inalengeza mu 2022, Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard mu 2024. Kwa mwana ochokera ku Malawi ine ndimaona kuti kulemba kumathandiza chifukwa anthu a kuno ambiri sadziwa kuti mapointi 9 ndi chinthu chachikulu bwanji, ena amaona ngati nambala yochepa ndi kulephera. Pitani naye ku EducationUSA ya ku kazembe wa America konko ku Lilongwe, uphungu wawo ndi waulere, akuuzani za malo olembera ndi masiku ake. Musalipire ma agent a mtauni musanafike kumeneko.

Kabwila_Area25
Zikomo mphwanga. Koma ndi nkhani ya ma visa iyi mtima ukugwa pansi, mwamva za bond ija, ndalama ya chikole yomwe analengeza kuti munthu azilipira asanapatsidwe visa?

GogoWaAtlanta
Musandikumbutse. Analengeza mpaka $15,000 kuti munthu angobwera kuzaona abale, Malawi ndi Zambia ndi amene anayambira pa 20 Ogasiti 2025. Ine ndimafuna mchemwali wanga abwere ku ukwati wa mwana wanga, ndalama imeneyo ndiitenga kuti ngakhale akuti amabweza munthu akabwerera

Nachisale_NC
Ngakhale ine gogo, mayi anga ndi amene anamulera mwanayu ku Zomba zaka zonse ndili kuno, ndinawalonjeza kuti azakhalapo pa graduation. Sindinawauzebe.

Nesi_wa_Indy
Bond ija analengeza kuti ndi ya ma visa a alendo, B1 ndi B2. A Kabwila za visa ya sukulu mukafunse konko ku kazembe chifukwa zinthu zikusintha mwezi ndi mwezi. Koma abale tibwerere kwa mwana wa a Nachisale, Okutobala sali patali.

Mphunzitsi_Fizikisi_Dedza
Ndakhala ndikuganizira zomwe wanena mnyamata wa ku Ohio za lab report yofiira ija ndipo ndiyankhule zoona zokhazokha, zandikhudza. Sukulu yomwe ndinayambira ntchito inali CDSS yopanda labu, titration ndimaijambula pa bolodi ndi choko, burette ana amaiona koyamba sabata ya pulakitiko ya MANEB titabwereka zida ku sekondale ya boma. Ndiye mwana otero wazolowera kuti galafu ndi chithunzi chokopera mu kope nkuloweza, osati chinthu chomwe chimatuluka mu manambala omwe wayesa yekha. Si vuto la ana. Ndimaganizabe kuti periodic table aidziwe, pamenepo sindisuntha, koma ngati mayeso ake ali mmene mukufotokozeramu ndiye mnzangayo akupereka mankhwala a malungo kwa odwala chifuwa. Mayi Nachisale mufunseni mphunzitsiyo mwaulemu ngati iye mwini anayamba wakhalapo pansi nkulemba pepala limeneli ndi wotchi patsogolo. Ine sindingaphunzitse pepala lomwe sindinaliyese ndekha.

Achimwene_SouthBend
Apo ndiye mwalasa aphunzitsi.

Tutor_Mai_Phiri_DMV
Ndakhala chete kuwerenga chifukwa ntchito imeneyi ndi yomwe ndimagwira madzulo ndikaweruka, ndimaopa kuti muziti ndikutsatsa malonda. Sindikufuna kasitomala, ana ndili nawo okwana. Koma ndinene mmene ndimayambira ndi mwana aliyense, a Nachisale mutha kupanga nokha kunyumba osalipira munthu.

Tsiku loyamba sindiphunzitsa kanthu. Ndimamupatsa pepala la sayansi lenileni la ACT, osati opeka a makampani chifukwa ena amakhala olimba mopanda nzeru ena ofewa, pa tsamba la ACT pali aulere. Alembe ndi wotchi. Nthawi ikatha ndimalemba mzere pomwe wafika, ndikumusinthira cholembera cha mtundu wina nkumuuza pitiriza mpaka umalize usathamange. Tikachonga timaona ziwiri, wakhoza angati mu nthawi ndipo wakhoza angati nthawi itachotsedwa. Ngati opanda nthawi akukhoza 33 kapena 35 pa 40 ndiye kuti mutu uli bwino vuto ndi liwiro. Ngati ngakhale opanda nthawi akulakwa theka ndiye tiyambire pa kuwerenga magalafu kwenikweni. Awa ndi matenda awiri osiyana ndipo tutor amene sanayeze chonchi akungolota.

Kenaka funso lililonse lomwe walakwa alembe mu kope chifukwa chake, ndi mawu ake. Mudzadabwa kuti zifukwa zake ndi zomwezomwezo. Funso linati Figure 2 iye anayang'ana Figure 1. Galafu inali ndi manambala mbali zonse ziwiri kumanzere ndi kumanja, mzere odukaduka umawerengedwa kumanja iye anawerenga kumanzere. Tebulo linali mu ma milligram yankho mu ma gram. Funso linali ndi mawu oti NOT kapena EXCEPT iye sanawaone. Mtsikana wina yemwe ndinali naye chaka chatha tinapeza kuti mafunso asanu ndi awiri pa khumi ndi limodzi omwe analakwa chinali chinthu chimodzi, samawerenga kabokosi kofotokoza kuti mzere uti ndi uti. Tinangogwirizana kuti asanayankhe chilichonse aziika nsonga ya pensulo pa mawu a pansi pa galafu, a m'mbali, ndi kabokosi kaja, masekondi khumi. Basi.

Nkhani zake zimabwera mitundu itatu. Pali za magalafu ndi matebulo okhaokha, izi ndi zachangu. Pali zofotokoza ma experiment awiri kapena atatu, apa funso lalikulu ndi loti anasintha chani pakati pa oyamba ndi wachiwiri. Ndiye pali ya anthu otsutsana, Scientist 1 akuti chakuti Scientist 2 akuti ayi, kapena Student 1 mpaka 4, imeneyi ndi mawu ambiri magalafu ochepa ndipo kwa mwana owerenga pang'onopang'ono ngati wanuyu ndi dzenje. Ndimawauza aidumphe azaibwerere pomaliza. Komanso kakyuleta saloledwa pa gawo la sayansi, ndi ya pa Masamu pokha, ndiye azolowere kuyerekeza ndi maso kuti nambala ili pakati pa 40 ndi 50 osafuna kupeza yeniyeni mpaka ma decimal.

ACT eniake amati 23 pa sayansi ndi chizindikiro choti mwana ndi okonzeka Biology ya chaka choyamba ku koleji. Kuchoka pa 19 kufika 23 kapena 24 kwa mwana yemwe anasiya nkhani ziwiri zathunthu osadetsa nkomwe, komanso pano awonjezera mphindi zisanu, ine ndikuona zotheka ndithu. 36 sindingalonjeze ndipo amene angakulonjezeni muthaweni.

WaKuOhio_22
Mai Phiri zonse ndagwirizana nazo, ndingoonjezera kuti asamawerenge nkhani ija nkomwe, apite straight ku mafunso. Ine ndi zomwe zinandikweza.

Tutor_Mai_Phiri_DMV
Pa za magalafu okhaokha eya. Pa za ma experiment ayi mwanawe, ndaona ana ambiri akudumpha ndime yofotokoza kenaka funso lachinayi likufunsa chifukwa chomwe anatenthetsera madzi asanathire mankhwala, amabwerera kukasaka mwamantha nkutaya nthawi yoposa yomwe anapulumutsa. Awerenge mothamanga masekondi makumi atatu adziwe kuti chili pati. Ndipo ya anthu otsutsana ija ndiye ayenera kuiwerenga yonse, alembe mawu atatu pambali pa aliyense kuti uyu akuti chani. Njira yako inakuyendera iwe chifukwa umawerenga msanga, mwana uyu Reading yake ndi 20.

WaKuOhio_22
Mwina mukunena zoona, Reading yanga inali 28 ulendo oyamba omwe.

Mbewe_Joni
Ife a ku Joni kuno tikungowerenga, ana athu ndi matric ndi NBT, mayeso olowera ku yunivesite. Koma $60 pa ola abale! Kumudzi pati taimu mwezi wathunthu siifika pamenepo

Nambewe_Maryland
A Mbewe kuno imeneyo ndi yapakatikati, ena amatchaja kuposa apo. Chomwe chimandiwawa ine ndi choti ife makolo obwera sitidziwa mayesowa ndiye timangomva mawu oti sayansi nkulipira aliyense amene ali ndi digiri ya Biology. A Nachisale funsaninso kwa counselor wa kusukulu za fee waiver, ana a giredi 11 ndi 12 a mabanja opeza pang'ono amalembetsa ulere, mwina mukukwanira. Musachite manyazi ndi ufulu wa mwana.

GogoWaAtlanta
Ndipo mwanayo musamukalipire. Walira kale mokwanira. Kuchoka Fomu 3 kuzalowa sukulu ya eni ake nyengo yozizira, chilankhulo cha m'mphuno, nkupeza 25 pa Masamu, ameneyo ndi mwana olimba mtima. Mumuphikire zomwe amakonda mumuuze kuti agogo a ku Atlanta akumupempherera

Nachisale_NC
Abale ndabweranso patatha masiku anayi, ndinali pa shifiti yausiku motsatizana. Ndapanga zomwe ananena Mai Phiri. Lamlungu titabwera ku tchalitchi, pepala ndinali nditasindikiza kale ku laibulale dzulo lake, ndinamukhazika pa tebulo la kukhitchini, ang'ono ake ndinawatumiza kwa neba, wotchi ndinatchera ya pa stovu mphindi 40. Ine ndinakhala pambali ndikusadzula nkhwani osayankhula. Stovu italira anali pa funso 29, ndinalemba mzere ndi pensulo ya m'maso chifukwa ndi yomwe inali pafupi, ndinamupatsa bolopeni yofiira apitirize. Tikuchonga, pa 29 aja anakhoza 24, ndipo onse 40 anakhoza 33. Anayang'ana pepala lija nthawi yaitali kenaka akuti amayi ndiye kuti sindine mbuli eti. Ndinalowa kubafa kukalira ndekha.

Asanu ndi awiri omwe analakwa, atatu ndi a Scientist 1 ndi Scientist 2 aja ndipo pa nkhani imeneyo yokha anakhalapo mphindi khumi ndi imodzi, ndimayang'ana wotchi. Awiri ndi galafu ya manambala mbali ziwiri ija munanena ndendende.

Tutor ndinamuimbira Lolemba, ndinamufunsa funso lanu aphunzitsi a ku Dedza. Sanabise, akuti iye ndi wa AP Biology, Biology ya mlingo wa koleji yophunzitsidwa ku sekondale, pepala la ACT analiona kalekale ali mwana wasukulu ndipo za kusintha kwa 2025 samadziwa. Anapepesa. Kampani ija ndalama akuti sabweza. Makoleji ndaimbira atatu mwa asanu, awiri akuti sayansi sakakamiza, imodzi akuti pa pulogalamu ya zaumoyo amalimbikitsa kuti ikhalepo, ndiye talembetsa Okutobala ndi sayansi yomwe.

Mphunzitsi_Fizikisi_Dedza
33 pa 40. Mumupatse moni wanga mwanayo. Mai Phiri ngati nkotheka munditumizire limodzi la mapepala amenewo pa WhatsApp, ndikufuna ndiwayese a Fomu 3 anga Lachisanu ndione ngati angawerenge galafu yomwe sanaionepo.

Tutor_Mai_Phiri_DMV
Ndikutumizirani usiku uno aphunzitsi. A Nachisale kuyambira pano mapepala awiri pa sabata akwana, musamupanikize tsiku lililonse, ndipo limodzi mwa awiriwo azilemba m'mawa atamaliza kaye Reading chifukwa tsiku la mayeso sayansi imabwera kumapeto mutu utatopa kale. Ikavuta Okutobala kulinso Disembala.

WaKuOhio_22
Anti Loweruka 10 koloko m'mawa ndimakhala free, nditha kulowa naye pa video call tizichonga limodzi za Scientist 1 ndi 2 zija, palibe cholipira. Mundiuze ngati alembe pa pepala kapena pa kompyuta kuti tizipanga pulakatisi yofanana.

Nachisale_NC
Pa pepala mwanangu, akuti amafuna azilemba mizere pa galafu ndi pensulo. Loweruka lino ndili off, ndikutumizira nambala ku inbox.